Munthu mmodzi, mizere itatu m'kaundula

Lamulungu lina m'mwezi wa Julayi, kukuzizira kolowa m'mafupa monga mmene kumachitira kuno ku Johannesburg nyengo imeneyo, a msungichuma a bungwe lathu la maliro anandiimbira foni m'bandakucha kundiuza kuti membala wathu wina watisiya usiku, ndipo abale ake akufuna kudziwa ngati bungwe lithandize kunyamula thupi kupita kumudzi. Bungweli ndi la Amalawi okhala ku Rosettenville, ku Turffontein ndi madera ena oyandikana nawo, ndipo lamulo lake lalikulu ndi lakuti amene amasonkha mwezi ndi mwezi, osadumphitsa miyezi yoposa itatu, akamwalira bungwe limamunyamula. Popeza ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaing'ono ku Braamfontein, anzanga anandisenzetsa udindo wosunga kaundula, choncho funso linagwera ine. "Achimwene, tatsegulani makina anuwo mutiuze, kodi malemuwa anali bwanji pa nkhani ya zopereka?" Ndinatsegula fayilo ya Excel imene tinkagwiritsa ntchito, ndinafufuza dzina lawo, ndipo ndinapeza kuti anasiya kusonkha miyezi 7 yapitayo.

Ndikanangonena zimene ndinaonazo n'kudula foni, banja lija likanauzidwa kuti bungwe silikukhudzidwa, ndipo likanayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha thandizo. Koma a msungichuma, bambo achikulire amene anafika kuno ine ndisanayambe sukulu, anakanitsitsa. Anati iwo eni analandira ndalama m'manja mwa malemuwo mwezi wathawo, pakhomo la tchalitchi, ndipo akukumbukira ngakhale jekete limene anavala tsikulo. Ndinayambanso kufufuza, ulendo uno mzere ndi mzere, ndipo patatha pafupifupi ola limodzi ndinapeza kuti munthu mmodziyo anali m'kaundula katatu. Mzere woyamba unali ndi mfunda wawo wolembedwa ndi r, wachiwiri unali ndi mfunda womwewo wolembedwa ndi l, ndipo wachitatu unali ndi dzina lachingerezi limene bwana wawo anawapatsa kuntchito, pamodzi ndi nambala ya foni yatsopano chifukwa yakale anawabera m'tauni. Zopereka zawo zinamwazikana m'mizere itatuyo, ndipo titaziphatikiza zinaoneka kuti sanadumphitse ngakhale mwezi umodzi. Thupi linanyamuka sabata yomweyo, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mpaka kukalowa m'dziko mwathu pa Mwanza.

Nkhaniyi inandisowetsa mtendere kwa masiku ambiri, chifukwa ine amene ndimadzitcha katswiri ndinatsala pang'ono kulakwira banja lolira ndi fayilo yanga, pamene nkhalamba yosagwira kompyuta inali ndi yankho lolondola m'mutu. Kuntchito kwathu, ndiponso ku yunivesite kumene ndimaphunzira madzulo, anthu amakonda kukamba za makina olosera zimene munthu angakonde kugula kapena kuonera, chifukwa ndiko kuli ndalama ndi kutchuka. Koma kuchokera tsiku lija ndakhala ndikuwerenga kafukufuku wakale wa database, ndipo maganizo anga ndi akuti funso lovuta kwambiri, limene makina onse otamandidwawo atsamirapo, ndi lakuti kodi mizere iwiri iyi ikunena za munthu mmodzi kapena anthu awiri.

Database ndi nkhokwe ya m'kompyuta mmene mumasungidwa uthenga mwadongosolo, ndipo mtundu wake umene mabanki, zipatala ndi masitolo ambiri amagwiritsa ntchito lero unachokera m'maganizo a Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose ku America. Iye asanalembe pepala lake lotchuka la 1970, wolemba pulogalamu ankayenera kudziwa njira yeniyeni yodutsa m'nkhokwemo kuti akapeze chinthu, ngati munthu woyenda m'tinjira ta m'mudzi wachilendo, ndipo kusintha pang'ono kasanjidwe ka zinthu kunkagwetsa mapulogalamu onse odalira njirayo. Codd anati uthenga usungidwe m'matebulo a mizere ndi madanga, munthu azingonena chimene akufuna, makina ndiwo azipeza njira. Mu 1974 Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, a ku IBM komweko, anafalitsa chilankhulo chofunsira mafunso m'matebulo otere, chimene pambuyo pake chinadzatchedwa SQL, ndipo ku yunivesite ya California ku Berkeley, Michael Stonebraker ndi anzake anapanga Ingres, kenako Postgres, kholo la PostgreSQL imene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Codd analandira mphotho ya Turing, yaikulu kwambiri pa sayansi ya makompyuta, mu 1981.

Mfundo ziwiri za Codd ndizo zinandiloza chala. Yoyamba ndi yakuti chinthu chimodzi chilembedwe malo amodzi okha: dzina la membala likhale m'tebulo la mamembala kamodzi, ndipo tebulo la zopereka lizingoloza kumeneko. Ife tinkachita zosiyana, pakuti aliyense wolandira ndalama ankalembanso dzina monga walimvera, mwezi uliwonse. Yachiwiri ndi ya kiyi, ndiko kuti danga limene silibwereza, losiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake. M'buku la sukulu mfundo imeneyi imaoneka yosavuta, ndipo kwa nzika za South Africa ndi yosavutadi, chifukwa chiphaso chawo chili ndi manambala 13: oyambirira 6 ndi tsiku lobadwa, otsatira 4 amasonyezanso ngati munthuyo ndi wamkazi kapena wamwamuna, nambala ina imasonyeza ngati ndi nzika kapena ayi, ndipo yomaliza imawerengedwa kuchokera ku zinzake zonse motsata njira ya Hans Peter Luhn, kotero kuti wolemba akaphonya nambala imodzi makina amamugwira pomwepo. Koma mamembala athu ambiri alibe nambala yotere. Ya pasipoti imasintha munthu akatenga pasipoti yatsopano, ya foni imasintha akaberedwa, ndipo chiphaso chaunzika cha kwathu, chimene kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017, chinapeza ena ali kale kuno. Chotsala ndi dzina, ndipo dzina la Mmalawi ndi kiyi wosadalirika konse.

Taganizirani za zilembo l ndi r zokha. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti r imabwera pambuyo pa i kapena e, koma pakamwa pa Mchewa ziwirizi ndi liwu limodzi, ndipo wolemba mofulumira pamsonkhano amalemba Chirwa lero, Chilwa mawa, osamva kuti walakwa. Pali Mkandawire ndi Nkandawire, Phiri ndi Piri, Mbewe ndi Mbeŵe, ndipo kachipewa ka pamwamba pa ŵ kameneka, kamene tikugawana ndi anthu a ku Wales, kakadutsa m'pulogalamu yakale yosadziwa Unicode, dongosolo limene makompyuta amasungira zilembo za zilankhulo zosiyanasiyana, kamasanduka tizizindikiro tosawerengeka. Mayi amene pa pasipoti ali ndi dzina la amuna awo, kutchalitchi amadziwika kuti a Naphiri, ndipo oyandikana nawo amangowaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba. Ena anatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala lachiwiri, pamene mng'ono wawo wa bere limodzi anatenga mfunda. Ndipo tisabisane, alipo ambiri a msinkhu wanga amene anabwereza Sitandade 8 pa dzina lobwereka kuti asankhidwe kupita kusekondale, n'kukula nalo dzinalo mpaka pa masatifiketi, kumudzi akuitanidwabe lakale. Vutoli si lachilendo m'dera lino la migodi: agogo anga aamuna, amene anabwera kuno nthawi ya Wenela, anali ndi kakhadi kolembedwa dzina limene agogo aakazi sankalidziwa n'komwe, chifukwa kalaliki wina analemba zimene khutu lake linamva.

Akatswiri a kafukufuku amatchula ntchito yolumikiza mizere yotere kuti record linkage, mawu amene Halbert Dunn, wa ku ofesi ya boma la America yowerengera obadwa ndi omwalira, anagwiritsa ntchito mu 1946. Chida choyamba chimene ndinayesa ndi Soundex, njira yakale kwambiri, ya mu 1918, imene imapezeka yokonzeka kale m'ma database ambiri. Iyo imasunga chilembo choyamba cha dzina, imataya mavawelo pamodzi ndi h, w ndi y, ndipo makonsonanti otsala imawasandutsa manambala atatu, omveka mofanana n'kupatsidwa nambala imodzi. Pa maina achingerezi imagwira ntchito, moti Smith ndi Smyth amatuluka ofanana. Kwa ife inalephera pomwe ndinkaifunira, chifukwa m'khutu la Mngerezi l ndi r ndi mawu awiri osiyana: l ndi 4, r ndi 6, motero Chirwa amakhala C600 pamene Chilwa ndi C400, ndipo Mkandawire ndi Nkandawire amasiyana pa chilembo choyamba chomwecho. Komanso Banda, Bande ndi Bondo onse amasanduka B530, ngati kuti ndi munthu mmodzi. Ndinayesanso muyeso wa Vladimir Levenshtein wa 1965, umene umawerenga kuti pafunika kusintha, kuchotsa kapena kuwonjezera zilembo zingati kuti dzina lina lisanduke linzake. Unagwira Chirwa ndi Chilwa, pakuti amasiyana chilembo chimodzi, koma Mwale ndi Mwase nawonso amasiyana chilembo chimodzi, ndipo Mmalawi aliyense akudziwa kuti amenewa ndi mabanja awiri osiyana.

Chimene chinandithandiza kwenikweni ndi pepala la mu 1969 la Ivan Fellegi ndi Alan Sunter, a ku ofesi ya ziwerengero ya dziko la Canada. Nzeru yake ndi yakuti kufanana kulikonse kuli ndi kulemera kwake, ndipo kulemerako kumachokera pa mafunso awiri: kodi danga ili limafanana kangati mizere ikakhala ya munthu mmodzi, nanga limafanana kangati mwangozi mizere ikakhala ya anthu awiri? Mizere iwiri ikakhala ndi dzina lakuti Banda kapena Phiri, kufananako sikunena zambiri, chifukwa pamsonkhano wathu mukaitana a Phiri amatembenuka anthu angapo. Koma ikafanana pa mfunda wosowa, umboniwo ndi wolemera. Makina amaphatikiza kulemera kwa madanga onse, n'kugawa zotsatira patatu: amene ndi munthu mmodzi ndithu, amene ndi anthu osiyana ndithu, ndi apakati, amene ayenera kuonedwa ndi maso a munthu. Gulu lachitatuli ndilo ndimalilemekeza kwambiri m'pepala lonselo, chifukwa olemba ake anavomereza poyera, masamu ali m'manja, kuti pali malo pamene makina ayenera kuima n'kufunsa.

Ndinamanga kaundula watsopano motsata zimenezi. Membala aliyense anapatsidwa nambala ya bungwe, yolembedwa pa kakhadi, yosatanthauza kalikonse ndiponso yosasintha, ndipo maina onse amene munthu amadziwika nawo anapita m'tebulo lapadera, popanda kuweruza kuti lenileni ndi liti. Poyerekeza maina, pulogalamu imayamba yasandutsa r kukhala l ndi ŵ kukhala w, imachotsa h wotsatira p, t kapena k, ndipo imachotsanso Na wakutsogolo ngati chotsalacho ndi mfunda wodziwika. Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti madanga olemera kwambiri sanali maina konse, koma mudzi, mfumu yaikulu ndi boma limene munthu amachokera. Munthu angasinthe dzina katatu kuno ku Joni, koma pofunsidwa kumene thupi lake lidzapite sanama. Malire ophatikizira, ndiko kuti kulemera kumene mizere iwiri iyenera kufika kuti iwerengedwe ngati munthu mmodzi, ndinawakhwimitsa dala, chifukwa kulakwa kuwiriku sikofanana: kugawa munthu mmodzi pawiri kumachedwetsa thandizo, pamene kuphatikiza anthu awiri, monga asuweni a dzina limodzi ochokera mudzi umodzi, kungachititse kuti bungwe lilipire maliro a wosasonkha ndi ndalama za wamoyo, ndipo zikasakanizika choncho kuzilekanitsanso ndi ntchito yowawa.

Vuto lina linali la kalembedwe ka ndalama. Fayilo ija inkayenda pa WhatsApp pakati pa anthu atatu olandira zopereka, aliyense n'kuwonjezeramo zake, ndipo wotumiza pomaliza ankafufuta ntchito ya anzake osadziwa. Apa ndi pamene pamalowera kafukufuku wa Jim Gray, amene analandira mphotho ya Turing mu 1998. Ganizo la transaction, limene iye analikulitsa, limati masitepe angapo a ntchito imodzi, monga kulemba chopereka cha membala ndi kukweza ndalama zonse za m'thumba la bungwe, achitike onse kapena asachitike n'komwe, pasakhale zolekezera panjira. Mu 1983 Theo Härder ndi Andreas Reuter anasonkhanitsa malonjezo anayi a database yodalirika pansi pa chidule chakuti ACID. Mmene makina amasungira lonjezoli n'zosavuta kumva: asanasinthe tebulo lenileni, amayamba alemba m'kabuku kapadera zimene akufuna kuchita, kotero kuti magetsi akazima pakati pa ntchito, poyakanso amawerenga kabukuko n'kumaliza zimene zinatsimikizidwa, zosatsimikizidwa n'kuzibweza. Aliyense amene anali kuno mu 2023, chaka chimene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, akudziwa kuti imeneyi si nkhani ya m'kalasi chabe. Pa mafoni a olandira ndalama ndinagwiritsa ntchito SQLite, database yaing'ono imene Richard Hipp anayamba mu 2000, yomwe ili kale m'foni iliyonse ya Android ndi iPhone, kuti athe kulemba ngakhale netiweki palibe, ndipo ndinatengera mwambo wa buku la malisiti la a msungichuma: cholembedwa sichifufutidwa, cholakwika chimakonzedwa ndi mzere watsopano wonena amene wakonza ndi tsiku lake.

Tsopano ndibwere ku makina olosera aja, amene akatswiri amawatcha recommender systems, chifukwa nyengo yomweyo kuntchito anandipatsa ntchito yotere. Kampani yathu imaperekera katundu m'timagolosale ta m'malokeshoni, timene kuno timatchedwa spaza, ndipo mabwana ankafuna kuti mwini golosale akatsegula pulogalamu yoodera katundu aziona zinthu zina zimene angafunenso. Mbiri ya nzeruyi si yaitali. Mu 1992 akatswiri a ku Xerox PARC anapanga Tapestry, yothandiza anthu kusefa makalata a pakompyuta potengera zimene anzawo anayamikira, ndipo mu 1994 GroupLens inachita chimodzimodzi pa nkhani za pa Usenet, mabwalo akale okambirana pa intaneti, koma makina akudzipezera okha anthu ogwirizana maganizo. Ganizo lake ndi lomwe lija la pamsika: ngati inu ndi ine takhala tikukonda zinthu zofanana m'mbuyomu, chimene ndakonda ine lero mwina muchikondanso. Mu 2003 akatswiri atatu a ku Amazon anafotokoza njira yotembenuza ganizoli, yoyerekeza katundu ndi katundu m'malo moyerekeza anthu, chifukwa ubale wa shuga ndi tiyi susintha msanga ngati mmene asinthira makasitomala, ndipo ungawerengedweretu usiku kasitomala asanatsegule foni. Imeneyi ndiyo njira imene ndinasankha.

Chochitika chimene aliyense wophunzira phunziroli amachimva ndi mpikisano wa Netflix. Mu Okutobala 2006 kampaniyo inalonjeza madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angapose pulogalamu yake yolosera, yotchedwa Cinematch, ndi 10 peresenti, ndipo inatulutsa mavoti oposa 100 miliyoni amene makasitomala pafupifupi 480,000 anapereka pa mafilimu 17,770. Mpikisanowu unatchukitsa njira yotchedwa matrix factorization, imene imafotokoza munthu aliyense ndi filimu iliyonse ndi kamndandanda ka manambala ochepa, kotero kuti manambala a munthu akagwirizana ndi a filimu ndiye kuti mwina aikonda. Gulu lotchedwa BellKor's Pragmatic Chaos linapambana mu Seputembala 2009 litaphatikiza njira zambirimbiri pamodzi. Chimene ine chimandikoka mtima ndi chimene chinachitika pambuyo pake: Netflix inanena yokha kuti njira yonse yopambanayo sinaiike m'ntchito, chifukwa phindu lowonjezeralo silinkalingana ndi thukuta loimanga ndi kuisamalira, komanso makasitomala anali atayamba kuonera pa intaneti m'malo molandira ma DVD papositi.

Njira zonsezi zimatenga akaunti imodzi ngati munthu mmodzi, ndipo apa ndi pamene vuto la kaundula wa maliro linandibwereranso, koma chozondoka. Kumaliro kuja munthu mmodzi anali m'mizere itatu. Kuntchito, anthu angapo anali m'mzere umodzi. Patapita miyezi, pulogalamu yanga inayamba kuuza mwini golosale wina ku Soweto kuti aode matumba akuluakulu a mpunga ndi zigubu za mafuta ophikira m'mwezi wa Januwale, pamene anthu ndalama zawathera. Nditafufuza ndinapeza kuti mu Disembala anaodera pa akaunti yake katundu wa stokvel ya amayi a m'dera lake, chipereganyu cha kuno chimene chimagula zakudya zochuluka kumapeto kwa chaka n'kugawana. Akaunti ina inali ya munthu mmodzi woodera magolosale atatu a m'madera osiyana. Ndi zomwezo zimene zinkachitika ndikukhala ku Yeoville nditangofika kumene, pamene foni imodzi tinkaonerapo anthu anayi m'chipinda, wina maulaliki, wina mpira, wina nyimbo zakumudzi, ndipo makina ankalosera za munthu amene kulibe. Palinso vuto la golosale yatsopano yopanda mbiri, limene amalitcha cold start, ndiponso chizolowezi cha makina chokankhira patsogolo zotchuka kale, moti katundu wogulidwa ndi ochepa, monga tinsomba touma ndi ufa wa chinangwa, sankaonekera konse ngakhale m'madera mmene Amalawi tachuluka. Masamu ndinawasintha pang'ono chabe; chimene chinakonza zinthu ndi kuwonjezera danga lofunsa kuti katunduyu akupita ku golosale iti, ndiponso ngati ndi wa golosale kapena wa gulu.

Pali mbali ina ya mpikisano wa Netflix imene inasintha zimene ndinachita ndi kaundula wathu. Kampaniyo inachotsa maina a makasitomala isanatulutse mavoti aja, koma Arvind Narayanan ndi Vitaly Shmatikov, a ku yunivesite ya Texas ku Austin, anasonyeza m'pepala la 2008 kuti kungodziwa mafilimu ochepa amene munthu anavotera ndi nthawi yake, makamaka mafilimu osatchuka, n'kokwanira kumuzindikira poyerekeza ndi zimene analemba poyera pa IMDb, tsamba la pa intaneti la za mafilimu. Mpikisano wachiwiri umene unakonzedwa unathetsedwa mu 2010 chifukwa cha madandaulo okhudza chinsinsi cha anthu. Powerenga zimenezi thupi langa linachita tsemwe, chifukwa ndi nzeru yomwe ija ya Fellegi ndi Sunter, yakuti chosowa ndicho chimaulula munthu, koma ili m'manja mwa wofuna kuvundukula. Luso limene linapulumutsa banja la malemu aja lingathenso kuloza munthu amene sakufuna kupezeka. M'bungwe mwathu muli ena amene mapepala awo okhalira m'dziko muno anatha, ndipo m'fayilo yakale munali danga la nambala ya pasipoti, la malo antchito ndi la mtundu wa chilolezo, zonsezi zikuyenda pa WhatsApp. Lamulo la dziko lino loteteza uthenga wa anthu, lotchedwa POPIA, limene linakhazikitsidwa mu 2013 ndipo aliyense anayenera kukhala akulitsata pofika pa 1 Julayi 2021, limaletsa kusonkhanitsa zoposa zimene ntchito ikufuna. Kunyamula thupi kumafunadi mapepala, koma amenewo banja lingabweretse tsiku la maliro. Kusonkhetsa ndalama sikuwafuna. Madanga atatuwo ndinawachotsa, ndipo ndinapempha aliyense amene anali ndi fayilo yakale kuti aifufute pamaso panga.

Zonsezi zili pansi pa phunziro lotchedwa software engineering, dzina limene linatchuka pamsonkhano umene bungwe la NATO linaitanitsa ku Garmisch m'dziko la Germany mu 1968, nthawi imene mapulogalamu akuluakulu ankachedwa, kudya ndalama zoposa bajeti ndi kulephera. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yopanga makompyuta a System/360 ku IBM, analemba mu 1986 kuti gawo lovuta koposa pomanga pulogalamu ndi kudziwa bwinobwino chimene chiyenera kumangidwa, ndipo ine ndinazitsimikiza pa lamulo la miyezi itatu lija. Ndinalilemba m'mizere iwiri ya SQL, n'kudzitama kuti ndamaliza. Nditawaonetsa a msungichuma mndandanda wa oyenera kuchotsedwa, anavala magalasi awo, n'kuyamba kuloza ndi chala. "Awa ayi, achimwene, anagwidwa n'kupita ku Lindela, kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo, kenako anawabweza kumudzi, munthu ali m'manja mwa boma asonkha bwanji? Awa anapita kukadwazika mayi awo ndipo anatsanzika kukomiti. Awa amawalipirira ndi achemwali awo, muone pa dzina la achemwaliwo." Palibe ngakhale limodzi mwa malamulo amenewa limene linali m'malamulo olembedwa a bungwe, koma onse ankadziwika ndi kutsatidwa. Nkhanga zinapangana kusanapse, koma zathuzi zinapangana pakamwa pokha. Tinakhala Loweruka lathunthu, iwo akukumbukira milandu yakale imene komiti inagamula, ine ndikusandutsa mlandu uliwonse kukhala mayeso a pulogalamu, kuti tsiku lina wina akadzasintha kalikonse, makina adzakuwe ngati chigamulo chakale chasokonekera.

Winayo akhoza kudzafunika posachedwa, pakuti palibe wa ife amene anabwera kuno kudzakhala mpaka kalekale. Chifukwa cha ichi pulogalamu ndinaisunga mu Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa pulogalamu, mmene kusintha kulikonse kuli ndi chifukwa chake cholembedwa, malangizo ndinalemba m'Chichewa, ndipo ndikuphunzitsa mtsikana wina wa m'bungwe amene akuphunzira za makompyuta ku koleji. Anzanga kuntchito anandiseka nditawauza kuti buku la malisiti la pepala sitinalitaye, ndipo kuti mwezi uliwonse timayerekeza za m'buku ndi za m'makina. Ine sindikuona chosekera, pakuti pa tsiku lija la mu Julayi cholakwa chinali m'kompyuta.

Gulu lapakati la Fellegi ndi Sunter limatuluka papepala Lamulungu loyamba la mwezi, ndipo timaliona tikatha msonkhano, anyamata akusanja mipando. Poyamba linali masamba angapo, pano latsala mizere yochepa. Mwezi watha panatsala iwiri yokha imene inatiimitsa mutu: dzina limodzi, mudzi umodzi wa ku Mangochi, mfumu yaikulu imodzi, koma zaka zobadwa zosiyana ndi ziwiri, ndipo manambala a foni onse awiri sakupezeka. Makina anaupatsa mlanduwu kulemera kongoperewera pang'ono pa malire ophatikizira. A msungichuma anayang'ana pepalalo kwa nthawi, n'kunena kuti m'mudzi umenewo muli mabanja awiri apachibale amene amakonda kutcha ana dzina la agogo awo amodzi, ndipo akafunsa kwa mkulu wina wa ku Mayfair amene amawadziwa anyamata onse a kumeneko. Mpaka atabwera ndi yankho, mizere iwiriyo ikhala yosiyana, uliwonse ndi nambala yake, ndipo zopereka za uliwonse zikuwerengedwa pazokha.